Zikomo nonse amene munatithandiza kupulumutsa matabwa apansi m'nyumba ya agogo ku Santhe

Abale anga lero ndati ndisakhale chete, ndithokoze pagulu pano chifukwa nyumba ya malemu agogo athu ija yakonzedwa ndipo mayi abwereramo sabata yathayi. Ambiri mukudziwa mmene mvula yamphepo ija inasasulira malata mbali ya kuchipinda madzi nkulowa usiku onse. Nde nyumba imeneyi pansi pake si pa simenti ngati zathu zamasiku anozi, ndi zija zakale za pa esiteti ya fodya, agogo anachita kugula eni ake atasiya ulimi, pansi anayala matabwa pamwamba pa mitanda ndipo kunsi kwake kuli mpata wodutsa mphepo. Titachotsa kapeti yonyowayo tinapeza matabwa ena atupa, ena angotsala chikhungwa mkati monse chiswe chinadya kalekale, mwendo wa bedi mpaka unalowa pansi. Mayi analira ndipo ine mtima unandiwawa zedi.

Pabanja ambiri amati tingozula zonse tithire simenti tiike matailosi basi, ndipo sindikuwanena ayi, ndalama inali yovuta ndipo aliyense amafuna mayi agone pabwino msanga. Koma mayi anati pansi pamenepa bambo awo ankapukuta okha loweruka lililonse, bola tiyese kaye. Vuto linali loti palibe amadziwa kuti matabwawo ndi a mtengo wanji. Polishi wofiira wa zaka ndi zaka anali atakuta paliponse moti nyumba yonse imaoneka mtundu umodzi, wina amati mbawa, wina mkungudza, wina akuti ndi paini wa ku Chikangawa chabe musataye nthawi. Ndipotu nkhaniyi siyaing'ono chifukwa ukaika chigamba cha mtengo wina pakati pa wina, nthawi ya dzinja wina amatupa kwambiri wina pang'ono, chilimwe chikafika mipata ponseponse.

Oyamba kuwathokoza ndi agogo akalipentala a pa Santhe pomwepa, amene anabwera panjinga yakapalasa ndi puleni yawo yakale yokulunga m'thumba la feteleza. Munthu wamkulu, mawondo akuwavuta, koma anagwada pansi chipinda ndi chipinda osadandaula. Ine ndimvekere agogo, ndajambulatu zithunzi pafoni mwina muone kaye, iwo anangoti "Mdzukulu wanga, thabwa sumalidziwa ndi maso okha, tabwera ununkhize apa." Anapala pang'ono pakona pamene pamakhala kabati, polishi atachoka panatuluka mtundu wa bulauni wowala ngati golide wokhala ndi mizere yofiirira yokhotakhota, iwo nkumwetulira amvekere uyu ndi mlombwa, pabalaza ponsepa ndi mlombwa. Anandionetsa kuti matabwa ena m'mphepete muli kachigawo koyera ndipo timabowo ta afumbwe tonse tinali m'koyeramo, pakati pofiirapo sipanakhudzidwe olo pang'ono, akuti koyerako ndi mbali yakunja ya mtengo imene tizilombo timakonda. Anatinso mlombwa sufota kapena kupindika kwambiri ukauma, nchifukwa chake pabalaza madzi anafikapo koma matabwa anabwerera m'malo mwake osasiya mipata. Ndi mtengo uja ukautema umatuluka utomoni wofiira ngati magazi, tonse tinakula tikuuona kudondo koma thabwa lake ambirife sitingalizindikire.

Kuchipinda kumene kunaonongeka kwambiri kuja anangodinda ndi chikhadabo thabwa nkulowa, nkutiloza mfundo zozungulira zija, amvekere uyu ndi paini ndipo anaikidwa pambuyo, taonani misomali yake ndi ina. Anacheka kachidutswa ka paini ndi ka mlombwa nkundiuza ndione kumapeto kodulako, paini kumangooneka mizere ya zaka yoyera ndi yoderako, pamene mlombwa kuli timaenje ting'onoting'ono tambirimbiri. Zimenezi ine sindidzaiwala. Mukolido namo munali nkhani, matabwa ake ofiira ndithu ndipo tonse tinagwirizana kuti apa nde mbawa, koma iwo atazula limodzi analinyamula ndi dzanja limodzi nkulinunkhiza, akuti mbawa sanunkhira chonchi komanso sapepuka chonchi, uyu ndi sendelera, uja anthu anadzala kwambiri m'misewu ndi m'maesiteti. Mitanda yakunsi ndi muwanga, anyamata amati akhome msomali umangopindika, ndipo palibe ngakhale umodzi umene tinasintha.

Mkungudza unapezeka ndithu koma osati pansi, unali m'mashelefu a kabati yomangira kukhoma ya kuchipinda kwa mayi. Atangopalako pang'ono fungo lake linadzaza chipinda chonse, thabwa loti lakhala zaka zonsezi. Mayi amvekere nchifukwa chake zitenje zanga sizinadyedwepo ndi njenjete m'menemu. Mtengo umenewu kwawo ndi ku phiri la Mulanje kokha, unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lathu mu 1984, ndipo pano ikuluikulu inatha ndi kucheka mozemba komanso moto. Kuganiza kuti matabwa ake anayenda kuchoka ku Mulanje mpaka kuno ku Kasungu kalelo, ine zinandikhudza. Agogo akalipentala inu Mulungu akusungeni, ndalama imene munatchula inali yochepa kuyerekeza ndi nzeru munatipatsa, ndipo ndikupempha anyamata a kuno amene mukuphunzira ukalipentala pitani mukakhale nawo pansi akadali ndi mphamvu.

Ndithokozenso bambo a zankhalango amene ndinakawafunsa kuti mlombwa wokonzera pabalaza ndi kuchipinda tingaupeze kuti. Anandilandira bwino nkundifotokozera kuti mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yotetezedwa, sungangodula kapena kunyamula matabwa ake popanda chilolezo, ndipo kuyambira mu 2022 mitundu iwiriyi inalowa m'ndandanda wa CITES woyang'anira malonda ake pakati pa mayiko, mkungudza unalowa kale mu 2019. Anandichenjeza za anthu obwera ndi matabwa usiku pamtengo wotsika, akuti ambiri amakhala aba m'nkhalango za boma ngati Chimaliro ndipo ukagwidwa nawo mlandu ndi wako, komanso amakhala aawisi ukangokhoma mwezi umodzi apindika. Tonse tikuona mmene mitengo yachilengedwe inathera kuno ndi mabani a fodya ndi makala, nde ine sindinafune kuti nyumba ya agogo igwetsenso mtengo wina. Iwo ndi amene anandipatsa nzeru yofufuza matabwa akale.

Apa nde ndithokoze mayi aja oyandikana nafe amene anali ndi zitseko zakale ndi matebulo osankhirapo fodya angounjikidwa m'shedi, ena amafuna kuwaza nkhuni. Agogo akalipentala atapita kukapala anapeza zitseko zina ndi mlombwa weniweni wouma bwino. Mayi inu munatigulitsa pamtengo wachibale, ndipo ndinunso munasunga mayi anga kunyumba kwanu nthawi yonse ya ntchitoyi osawerengera ufa kapena ndiwo, ine ndilibe mawu okwanira.

Achimwene anga a ku Johannesburg zikomo chifukwa cha ndalama ya malata ndi vanishi, ndikudziwa kunjako sikophweka. Alamu anga munatuta zitseko zija pangolo mpaka ng'ombe kutopa, amalume munasiya kumunda nthawi yokolola kudzayang'anira ntchito, amayi a kumpingo munaphika nsima ya amisiri mosinthana, nonsenu ndakuonani. Anyamata a m'mudzi muno munazula misomali yadzimbiri umodziumodzi kuti matabwa asang'ambike, manja mpaka matuza, komanso ndinu munakwawa kunsi kwa nyumba nkupeza kuti timabowo tolowera mphepo m'munsi mwa khoma tinatsekeka ndi dothi la maluwa amene tinadzala m'mbali, nchifukwa chake kunsiko kumakhala chinyontho chiswe nkupeza njira. Pano tatsegula tonse, taikamo waya wa sefa ndipo tathira mankhwala a chiswe.

Polishi wofiira tamusiya, tinapala ndi sandipepa nkupaka vanishi woonekera kuti mlombwa uzioneka mmene ulili. Kwatsala khonde lakumaso, matabwa angapo akufunika kusintha mvula isanayambe, nde amene muli ndi zitseko kapena mafelemu akale kuno ku Kasungu ngakhale ku Mchinji chonde musawaze nkhuni, ndiuzeni tibwere ndi agogo akalipentala aja adzaone. Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni.