Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Ntchito ya ku Limbe

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ife olemba mapulogalamu a kompyuta tinaona zakuda. Seva zakunja, makompyuta osungirapo mapulogalamu pa intaneti, timalipira m'madola, ndiye mtengo wake unangolumpha. M'masiku omwewo bambo wina wa holoselo ku Limbe anandiitana. Ankafuna pulogalamu yowerengera katundu Khirisimasi isanafike.

"Achimwene, ndalama ndili nazo zochepa, koma chinthucho chisamaname," anatero.

Ndinayamba ndi kukhala kuseri kwa kauntala, kumangoonerera. Shuga amalowa m'mabelo a mapaketi 20, koma mayi wa kagolosale ku Bangwe amafuna mapaketi asanu okha. Ngongole za makasitomala odalirika zinali m'kope lothothoka chikuto, lomwe mayi wogulitsa ankalibisa pansi pa kabati ya ndalama. Ena ankalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga n'kulowa pa foni ya abwana iwo ali kubanki.

Abwanawo ankafunanso app ya pa foni ndi malipoti a mitundumitundu. Ndinawapempha mwaulemu kuti zimenezo zidikire kaye, tiyambe ndi katundu ndi ngongole. Ndinagwiritsa ntchito Django, pulogalamu yothandiza kupanga mapulogalamu ena, yomwe ndi yaulere ndipo imabwera ndi gawo la mapasiwedi ndi lolowetsera zinthu lopangidwa kale. Zonse zinkasungidwa mu SQLite, pulogalamu yosungira zolembedwa, pa laputopu ya m'sitolo momwemo, osalira bandulo, ndipo magetsi akazima batire inkapitiriza. Potseka madzulo ankakopera zonse pa fulashi.

Pa masamu a ndalama pokha ndi pomwe ndinakana kuthamanga. Kompyuta ikamawerengera manambala a tizigawo imaphonya pang'onopang'ono, choncho mitengo yonse ndinaisunga m'matambala, manambala athunthu. Ndinalembanso ma test, timapulogalamu toona ngati masamu akulondola, oyesa kugawa belo, kuchotsera mtengo ndi VAT, yomwe nthawi imeneyo inali 16.5 peresenti. Anzanga ena amasiya ma test ati kuti ntchito itchipe. Zimenezo zimandipweteka mtima, chifukwa amene amadzaimbidwa mlandu wakuba masamu akasemphana ndi wogulitsa wosalakwa.

Sabata yoyamba mayi wogulitsa uja ankalemba kuwiri, m'kope ndi pa laputopu, n'kumafananitsa madzulo. Zitagwirizana mpaka Loweruka, abwana anandilipira gawo lotsala. Iwo omwewo ndi amene anandilumikiza ndi mnzawo wa hadiweya ku Ndirande, nkhani yomwe ndikusimbireni m'gawo 10.