Fayilo ikafufutika pa drive ya ku ofesi, musataye nthawi ndi Recycle Bin

Fayilo ya pa drive yogawana, monga ija ya S: kapena Z:, ikafufutidwa sipita mu Recycle Bin ya kompyuta yanu. Imakhala pa seva, kompyuta imene imasunga mafayilo a ofesi yonse, ndipo imafufutikira komweko. Bajeti ya dipatimenti yathu itasowa, a IT anati tilembe fomu tidikire. Tsiku lonse linapita ntchito itaima, pomwe kuibweza ndi nkhani ya mphindi zochepa imene aliyense angachite yekha. Zinandipsetsa mtima kwambiri, n'chifukwa chake ndikulemba izi.

Pitani pa foda imene fayiloyo inkakhala. Dinani batani lakumanja la mausi, sankhani Properties, kenako Previous Versions. Pa Windows 11 muthanso kudina Show more options n'kupeza Restore previous versions. Mudzaona mndandanda wa masiku ndi nthawi. Sankhani nthawi imene mukudziwa kuti fayiloyo inali ikadalipo, dinani Open. Foda itseguka mmene inalili tsikulo. Koperani fayilo yanuyo muiike pa Desktop, muitsegule, mutsimikize kuti ndi yomweyo, kenako muibwezere pamalo pake.

Musadine Restore pa foda. Batani limenelo limabweza mafayilo a mu foda yonse mmene analili kale, ndiye zonse zimene anzanu alembamo kuyambira tsikulo zimafafanizika, ndipo palibe Undo. Ngati fayilo ilipo koma wina waisokoneza n'kusunga, njira ndi yomweyo, kungoti mumadina pa fayilo yeniyeniyo. Yakaleyo muipatse dzina lina, kuti ziwirizo muzifananize bwino.

Ndikanayamba ndi ichi: fufuzani kaye dzina la fayilo pa drive yonse. Nthawi zambiri foda siinafufutidwe, wina anangoikoka ndi mausi n'kuigwetsera mu foda yoyandikana nayo. Ndipo ngati inasinthidwa dzina, Previous Versions ya fayiloyo sidzaonetsa zakale, muyang'ane pa foda imene ili pamwamba pake.

Masiku amene mukuona pa mndandandawo ndi zithunzi za disiki zimene seva imajambula, zotchedwa shadow copies, zomwe zinayamba ndi Windows Server 2003. Ngati a IT sanasinthe kanthu, imajambula kawiri patsiku, 7 koloko m'mawa ndi 12 koloko masana, Lolemba mpaka Lachisanu. Choncho fayilo imene munaipanga 9 koloko n'kufufutika 11 koloko sinajambulidwepo, simuipeza. Seva imasunga zithunzi zosapitirira 64, kutanthauza masiku 32 ogwira ntchito, ndipo malo ake amakhala 10 peresenti ya disiki. Malowo akadzaza, zakale zimachotsedwa popanda kuchenjeza munthu. Apa ndi pamene kudikira fomu kumapweteka: pa drive yotanganidwa, tsiku lililonse limene mwakhala likudya zithunzi zimene mukuzifuna. Bwanji osangouza antchito zimenezi tsiku limene alembedwa ntchito?

Mndandanda wa foda ukakhala wopanda kanthu ndiye kuti mwina shadow copies sizinayatsidwe. Apo muwafunadi a IT, koma apatseni zonse nthawi imodzi: njira yonse ya foda, dzina la fayilo, ndi tsiku lomaliza limene munaiona, kuti aitenge mu backup. Afunseninso ngati drive yanuyo ili pa Synology kapena QNAP, makina osungira mafayilo pa netiweki amene ali ndi foda yawoyawo ya mafayilo ofufutidwa. Pa Synology pamakhala foda ya #recycle, pa QNAP ya @Recycle, ngati anaziyatsa, ndipo nthawi zina amene amaiona ndi admin yekha.

Musalipire munthu kuti aike Recuva, pulogalamu yobweza mafayilo ofufutika, pa laputopu yanu. Pulogalamuyo imafufuza disiki yolumikizidwa ku kompyutayo, siifika pa seva kudzera pa netiweki. Ndipo ndibwerezenso: Open kenako kukopera, osati Restore.