Pepala lija latuluka, zikomo aphunzitsi anga

Abale anga pepala lija latuluka. Ndalitenga lero masana, pano lili pabedi mu pulasitiki chifukwa kamwanaka kakufuna kuligwira ndi manja a chiponde. Red Seal, satifiketi ya umisiri ya ku Joni kuno, electrician, dzina langa lenileni lolembedwa bwinobwino. Mayeso tinalemba miyezi yapitayo koma ndinati sindiyankhula kanthu mpaka ndiligwire ndi manja angawa. Mu tekisi kuchokera mtauni mpaka Rosettenville ndangokhala ndikulira ngati mwana, mayi wina wachikulire pambali panga wangonditambasulira tishu osafunsa n'komwe kuti chavuta n'chiyani, Mulungu awadalitse mayi amenewo kulikonse ali.

Ambirinu nkhani mukuidziwa sindibwereza zonse. Mukudziwa zaka zija ndinkaima panja pa hardware ndi katoni yolemba Electrician, dzuwa lonse bakkie osaima, ina ikaima tikuthamangira anthu khumi. Mukudziwanso kuti koyamba ndinalephera. Mayi a kunyumba zikomo, lendi ya miyezi inayi munasenza nokha ndi ndalama yochapa ndi kusita kunyumba za eni ku Randburg, kudzuka 4 koloko m'mawa matekisi awiri kupita awiri kubwera, simunandinenepo mawu opweteka ngakhale tsiku lija ndinabwera nkhope ili pansi. A chipereganyu chathu munandilola kulandira mwezi womwe sunali wanga kuti ndilipire kosi, alamu anga a ku Turffontein munandibwereka multimeter yanu yoyezera magetsi chaka chathunthu, ndibweza musadandaule kkkk. Gulu la mapemphero la Lachinayi, zikomo.

Koma lero mundilole ndikambe za munthu mmodzi amene ku Joni kuno sanapondeko n'komwe. Aphunzitsi anga a Physical Science ndi Masamu a pa CDSS ya kwathu ku Ntcheu. Dzina sinditchula chifukwa sakonda zimenezo, amene tinaphunzira limodzi mwawadziwa kale, aja a njinga yakuda ndi choko m'thumba la jekete.

Ife ndi aja tinayamba Sitandade 1 mu 1994 pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, tinadzaza pansi pa mtengo ngati nyerere, kulemba pa dothi ndi chala. Kufika ku sekondale ndinali nditazolowera kale kuti sukulu ndi kuloweza, ukaloweza wakhoza, ukaiwala umapeza njira ina. Ndiye Form 3 mwezi wa June, kuzizira kwa ku Ntcheu kuja kolowa mpaka m'mafupa, tikulemba tesiti ya za magetsi, ine ndili ndi likasa mu sokosi. Kapepala kakang'ono kopinda kanayi, V = IR, ma resistor a series, a parallel, zonse ndinakopera usiku pa koloboyi. Sindinawamve akubwera. Ndinangoona dzanja loyera ndi choko latenga kapepala kaja n'kukaika m'thumba, osanena kanthu, anangoti pitiriza kulemba. Thukuta kuzizira konse kuja.

Titaweruka anandiitana. Ine mumtima ndati basi kwa ahedi, kukumba dzenje la zinyalala kapena kukaitana makolo, ndipo bambo anga mmene analiri bola dzenjelo. Koma ayi, anandipatsa choko n'kunena kuti, walemba zinthu zabwino pakapepalapa, tandifotokozera pa bolodi. Abale ndinaima ngati chitsa. Zolemba ndekha ndi dzanja langa, osadziwa ngakhale chimodzi kuti chikutanthauzanji. Sukulu yathu inalibe labu, inalibe ngakhale magetsi, ndiye anatulutsa m'chikwama mabatire awiri a tochi, timababu tiwiri ndi mawaya omwe anachotsa mu wailesi yakufa. Analumikiza motsatana n'kuti chotsa babu limodzi, ndinachotsa, onse anathima. Analumikizanso lililonse njira yakeyake, chotsa limodzi, linalo linangoyakabe. Anandiuza ndibwereze ndekha mpaka dzuwa linapendeka, zala zitauma ndi mphepo. Tsiku limenelo ndi lomwe ndinayamba kukonda magetsi, mpaka lero ndikatsegula DB board, bokosi logawa magetsi, m'nyumba ya ku Sandton ndimaona timababu tija.

Ziro anandipatsabe pa tesitiyo, musaganize kuti anali ofewa.

Mawu awo anali amodzi chaka chonse, onetsa njira. Ulembe ansala yokhoza popanda working ankadula ndi cholembera chofiira, ulakwe ansala koma njira ikuoneka ankakupatsa malikisi ako n'kuzunguliza pomwe unapatukira. Ankati ansala yokha atha kukunong'oneza mnzako koma njira ndi yako. Ife tinkawaseka kumbali, kuwayeserera mayendedwe ndi mawu omwe, ana ndife anthu oipa nthawi zina.

Form 4 bambo anatisiya. Ine ndinaleka sukulu n'kumakagulitsa kachewere pa Lizulu, kuthamangira mabasi a pa M1 ndi ndowa pamutu, ndinali nditatsimikiza kuti za MSCE zatha. Loweruka lina ndinangoona njinga yakuda ija yaima patsogolo pa mulu wanga. Sanagule kanthu, sanandikalipire pagulu, anangoti Lolemba ndikupeze mkalasi, za MANEB zatheka. Ndinadzamva patapita zaka kwa mayi kuti fizi ya mayeso analipira ndi malipiro awo, munthu wa ana asanu, ndipo anawapempha mayi kuti asandiuze. Mpaka lero ndikawafunsa aphunzitsi nkhaniyi amasintha n'kuyamba kufunsa za mvula ya kuno.

Ndinakwera basi 2013, Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge mpaka Park Station ndi kachikwama kamodzi. Ntchito ndinaiphunzira pamanja, kunyamulira anthu makwerero, kukoka mawaya m'denga kotentha ngati uvuni, kudya shoko kangapo. Manja anadziwa ntchito koma mutu unabwerera ku zakale zija zachidule. Ndicho chinandigwetsa pa trade test yoyamba. Pa fault finding vuto ndinalipeza msanga ndithu, mwa chizolowezi, koma ndinalumpha masitepe, sindinayeze zonse mwa dongosolo ndisanayatse, atandifunsa kuti ndafika bwanji pamenepo ndinangoti kakasi. Ndili panjira kubwerera ndinamva mawu a aphunzitsi m'khutu ngati ali pampando wakumbuyo. Palibe amene anandilakwira, ndinadzigwetsa ndekha.

Sabata yomweyo munthu wina, wakwathu yemwe, anandipeza n'kuti achimwene mukuvutikiranji, pepala limagulidwa, mungopereka zakuti zakuti Lachisanu muli nalo. Ndinene zoona pamaso pa Mulungu, ndalama ndinayamba kusonkhanitsa. Usiku wake ndinaimba foni kumudzi, aphunzitsi anapuma ntchito kale ndipo WhatsApp amagwiritsa ya mdzukulu wawo, ndinawafotokozera zonse mozungulira ngati ndikunena za mnzanga. Anamvetsera mpaka kumapeto kenako anati, mnzakoyo umuuze kuti likasa la mu sokosi linkapweteka iye yekha, koma ili akalowa nalo m'nyumba mogona ana a eni. Anadziwa kuti ndi ine. Sananene koma anadziwa.

Kuyambira pamenepo anakhalanso aphunzitsi anga, pa voice note. 2023 ija ya load shedding stage 6, electrician kuwerenga za magetsi mumdima ndi katochi ka foni, ine kuno iwo uko. Masamu a three phase ankandizunguza mutu, 400V, ka 1.732 kaja kobwera paliponse, star delta, njira ziwiri zolumikizira mawaya a mota, chifukwa chake mota imayamba pa star kenako n'kupita pa delta. Anandiuza mosabisa kuti iwo zimenezi anangoziphunzitsa ndi choko, mota yeniyeni sanaitsegulepo. Ndiye mukudziwa anachita chiyani? Munthu wamkulu, miyendo ikuvuta kale, anayenda wapansi mpaka pa chigayo cha magetsi cha pa trading centre, anapempha mwini wake kuti azimitse kaye, amayi ali pamzere ndi matumba a mphale akung'ung'udza, iwo atagwada akupukuta ufa pa kachitsulo ka pa mota kuti akopere manambala onse mu kope. Mdzukulu ananditumizira chithunzi, jekete lonse mbuu ndi ufa, magalasi ali pamphuno, akumwetulira ngati apeza ndalama. Usiku umenewo tinawerengera limodzi current ya mota ya chigayo cha kwathu, sitepe ndi sitepe, ndikalumpha mzere amvekere bwerera, sindinaone pomwe wadutsa. Chithunzi chimenecho ndinachisindikiza chili pakhoma apa.

Ulendo wachiwiri ndinachita pang'onopang'ono mpaka anzanga ena anamaliza ine ndikadali poyeza mawaya, continuity ndi insulation, chilichonse ndikuyeza ndikulemba, ndikuyeza ndikulemba. Woyesa uja anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali osanena kanthu. Mtima unkagunda ngati ng'oma ya ingoma koma manja sananjenjemere.

Ambuye Yesu, inu amene mumaona zochitika mseri, aphunzitsi angawa muwapatse masiku ambiri, muwachiritse miyendo, ana awo ndi zidzukulu asadzasowe wowagwira dzanja monga iwo anandigwira ine. Mwana wa mnzako ngwako yemwe anthu timangonena pakamwa, iwo anachita. Amen.

Kwa ena aja amene foni yanga mumaidziwa pa 25 pokha pofunsa za Mukuru, koma nditalemba kuti ndalephera munangowerenga ma tick awiri a buluu n'kukhala chete, ndakuonani, sindikusunga mangawa koma ndakuonani. Ndi inu munkati sukulu pa msinkhu uwu ndi kutaya ma rand, moni wanu ndalandira lero, mwafulumira ndithu.

Ntchito sinathe, kwatsala wireman's licence kuti ndizitha kusaina ndekha CoC, pepala lotsimikiza kuti mawaya a nyumba ali bwino, buku la malamulo a mawaya la SANS 10142 landiyang'ana kale pa tebulo. Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi bwerani kunyumba, kuli nsima ya ufa woyera ndi usipa womwe wabwera pa basi sabata yatha, mipando ndi yochepa mubwere ndi makreti.

Madzulo ano ndawatumizira aphunzitsi chithunzi cha satifiketi. Anthu inu, munthu anaphunzitsa za magetsi moyo wake wonse koma nyumba yake mpaka lero ESCOM sinafike, foni amakatchajitsa ku trading centre. Ndiye ndawauza kuti December ndikubwera ndi panel, batire ndi inverter, ndidzamanga ndekha sola panyumba panu, chipinda chilichonse babu lake ndi pakhonde pomwe. Voice note yawo yabwera pompano, poyamba kuli zii, kenako akutsokomola, kenako amvekere wachita bwino mwana wanga, wachita bwino kwambiri. Ndiye pomaliza akuti za solazo utumize kaye diagram ndiione.

Ndayamba kale kujambula, ndi rula.