Ndipatseni wachikasuyo

Dzulo ndinapita ku Matawale kukatenga mphwanga. Ndinamupeza m'kanyumba kosewerera magemu, anyamata atadzaza mpaka pakhomo, akumenyana pa gemu ya ndewu yotchedwa Mortal Kombat. Kamwana kena ka zaka ngati 7, kosatha n'komwe kuwerenga mayina a pa sikirini, kanaloza n'kukuwa kuti, "Ine ndipatseni wachikasuyo!" Ndi Scorpion ameneyo. Mnzake anasankha wabuluu, Sub-Zero, uja amaumitsa adani ngati madzi a m'firiji.

Ena amati magemu n'kungodina mabatani basi. Ine ndimakana. Chimene chimamukoka mwana ndi munthu wa mu gemu amene mwanayo akumuyendetsa. Mu 1992, pamene Mortal Kombat inatuluka, Scorpion ndi Sub-Zero anali ndi thupi limodzi, opanga gemuyi anangosiyanitsa mtundu wa zovala ndi mphamvu zawo, koma mpaka lero aliyense ali ndi omukonda ake.

Nayenso Mario, munthu wotchuka wa m'magemu a kampani ya Nintendo, amene anamupanga, Shigeru Miyamoto, anamuveka chipewa mu 1981 chifukwa tsitsi linkavuta kujambula ndi timadontho tochepa ta pa sikirini, ndipo ndevu za pamlomo zinaphimba pakamwa.

Zimenezi zimandikhudza kwambiri chifukwa mphwangayu amajambula anthu akeake kumapeto kwa kope la masamu. Mawa ndikamugulira kope lina, lojambulira lokhalokha.