Ku Chicago ndiye ndinadziwa kuti wapolisi wa mu Rambo anali ndani

Amene munakulira mmavidiyo sho ngati ine mukumukumbuka wapolisi wathupi uja wa mu First Blood, amene anamukweza Rambo mgalimoto nkukamusiya kunja kwa tauni ati ayende asabwerenso. Dzina lake lenileni ndi Brian Dennehy, mufilimu ya 1982 ija anali Sheriff Will Teasle, ndipo ife tinkamuda zenizeni, akangooneka pa sikirini holo yonse kutukwana.

Ndiye msuwani wanga atandiitana ku Chicago tinakwera sitima yawo ija yoyenda pamwamba pa misewu, amati "L", mpaka ku Loop pakati pa tauni. Kuzizira kwake abale, mphepo yochokera ku Lake Michigan imalowa mpaka mmafupa ngakhale uvale majekete awiri. Tikuyenda pa Dearborn Street iye anandilozera nyumba ya zisudzo ya Goodman Theatre nkunena kuti pano ndi pakwawo pa wapolisi wako uja. Ine ndinaseka poganiza kuti akunama.

Kumeneko Dennehy samamuwerengera za Rambo ayi, amamudziwa ngati munthu wa zisudzo za pa siteji. Anabadwira ku Bridgeport, Connecticut mu 1938, anapita ku Columbia University chifukwa cha mpira wawo uja wa American football, anakhalako msilikali wa Marines, kenako maganyu osiyanasiyana, kuyendetsa lole, kugulitsa mowa mu bala, ndipo mmafilimu anayamba kuoneka atatsala pang'ono kukwana zaka 40. Ku Goodman anafika mu 1986 ndi sewero la Galileo, ndiye ubale wake ndi dairekitala Robert Falls unayambira pomwepo mpaka ukalamba. Sewero la Death of a Salesman analiyambira konko mu 1998, nthawi imeneyo Goodman ili kunyumba yakale ku Art Institute, izi za Dearborn anasamukira mu 2000. Sewerolo litapita ku Broadway, kuchimake kwa zisudzo ku New York, mu 1999 anawina mphoto yaikulu ya zisudzo yotchedwa Tony, nkuwinanso ina mu 2003 ndi Long Day's Journey Into Night. Mu 2012 anabweranso ku Goodman ndi wazisudzo mnzake Nathan Lane mu The Iceman Cometh, sewero loti limatenga pafupifupi maola asanu ndipo anthu ankalipira kuti akhale pansi nthawi yonseyo, ine sindikanakwanitsa.

Chomwe chinandigwira ndi choti munthuyu Hollywood inkangomupatsa kukhala wapolisi, bambo wa winawake, loya, mpaka chigawenga John Wayne Gacy cha ku Chicago komweko mu 1992, nkhope yoti umaidziwa koma dzina ayi. Mafilimu ndi amene ankamudyetsa koma ulemu anaupeza pa siteji. Anamwalira mu April 2020 ku New Haven ali ndi zaka 81.

Tikumwa khofi kuti titenthedwe msuwani anandiuzanso china chosakoma. Kwa zaka zambiri Dennehy ankauza atolankhani kuti anamenya nawo nkhondo ku Vietnam mpaka kuvulala, pomwe sanapiteko, ndipo bodzalo litaululika kumapeto kwa ma 1990 anapepesa poyera. Tangoganizani, yemwe uja ankazunza msilikali wobwera ku Vietnam mufilimu. Msuwani akuti anapepesa basi zinatha, ine ndinakana, amene anaferedwa ana kumeneko sangazione choncho, ndipo tinakangana mpaka kukwera sitima yobwerera.