Botolo lomwe linachita mbuu

Lachinayi usiku.

Lero m'kalasi tinali pa mutu wa kusintha kwa zamoyo. Gawo loyamba linayenda bwino. Ana a kholo limodzi safanana, kusiyana kwina kumayenda kuchoka kwa makolo kupita kwa ana, obadwa amachuluka kuposa opulumuka, ndipo amene ali ndi kanthu kowathandiza pamalo pomwe akukhala ndi omwe amasiya ana ambiri. Izi Charles Darwin ndi Alfred Russel Wallace anazifotokoza mu 1858, Darwin n'kudzazitambasula m'buku lake la mu 1859. Ophunzira ankangogwedeza mitu.

Kenako mtsikana wina wa kumbuyo anakweza dzanja. "Aphunzitsi, chilengedwe chimasankha pa zomwe zilipo kale. Nanga chatsopanocho chimachokera kuti?" Ndinasangalala kwambiri, chifukwa pamenepa ndi pomwe pagona nkhani. Darwin mwini wakeyo analibe yankho logwira mtima, poti nthawi imeneyo ntchito ya DNA, yomwe imasunga malangizo omwe ana amatengera kwa makolo, inali isanadziwike.

Ndinamuyankha kuti selo (tizigawo ting'onoting'ono tomwe timapanga thupi la chamoyo ndi tomwe timatchedwa maselo) lisanagawikane limayamba lakopera DNA yake yonse, ndipo pokoperapo zolakwika sizilephera. Zili ngati munthu wokopera manotsi ataliatali pamanja: apa chilembo chasintha, apo mzere wadumphidwa, pena ndime yalembedwa kawiri. Mwana aliyense amabadwa ndi tizosintha pafupifupi 60 kapena 70 tomwe bambo ndi mayi ake alibe. Tambiri sitichita kanthu, tina timavulaza, mwa apo ndi apo kena kamathandiza. Belu linalira tili pomwepo.

Masana ndikuchonga makope ndinaona kuti ambiri amaganiza kuti chamoyo chikasowa chinthu, thupi limachipanga. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa nkhani yonse imatembenuzika. Kusintha kwa jini, kachigawo ka DNA konyamula langizo la ntchito inayake m'thupi, sikuyang'ana zomwe chamoyo chikufuna. Mu 1943 Salvador Luria ndi Max Delbrück anaonetsa kuti mabakiteriya omwe amapulumuka kwa vairasi amakhala atasintha kale asanakumane naye. Vairasi amangopha enawo.

Nditafika kunyumba ndinakhala pansi n'kuwerenganso za kafukufuku wa wasayansi Richard Lenski, chitsanzo chomwe ndimachikonda kuposa zonse. Mu February 1988 Lenski anaika mabakiteriya a E. coli ochokera kwa kholo limodzi m'mabotolo 12. Tsiku lililonse ankatunga gawo limodzi mwa magawo 100 a madzi a m'botolo lililonse n'kuthira m'botolo latsopano lokhala ndi shuga pang'ono. Pa tsiku pamadutsa mibadwo pafupifupi 7. Mibadwo 500 iliyonse ankasunga ena mufiriji yozizira kwambiri, momwe sakufa, amangogona.

M'madzimo munalinso citrate, chinthu chomwe E. coli satha kudya pakakhala mpweya wa okosijeni. Kwa zaka pafupifupi 15 chakudyacho chinangokhala osakhudzidwa. Mu 2003 botolo limodzi linapezeka litachita mbuu, pomwe anzake 11 anali oyera monga kale. Poyamba anaganiza kuti mwalowa tizilombo tina. Atapima, anali E. coli yemwe uja, atachulukana chifukwa anali atayamba kudya citrate. Luso limeneli linayamba cha ku m'badwo wa 31,500.

Chomwe chimandigwira mtima n'chakuti jini yolowetsa citrate m'selo inalipo kale, koma inkayaka pokhapokha okosijeni akasowa. Kachigawo ka DNA komwe kali ndi jiniyo kanakopedwa kawiri, ndipo kope latsopanolo linagwera pafupi ndi choyatsira cha jini ina, chomwe chimagwira ntchito mpweya ulipo. Basi. Chatsopano chinabadwa kuchokera ku zipangizo zakale zitangolumikizidwa mwa njira ina. Ndipo sichinabadwe champhamvu ayi. Oyambawo ankadya citrate movutikira, mpaka kusintha kwina kotsatira, kuphatikizapo makope owonjezera a jiniyo, kunanola lusolo.

Nanga bwanji botolo limodzi lokha? Apa firiji ija inagwira ntchito. Zachary Blount, wofufuza wa m'gulu la Lenski, anadzutsa makolo a mabakiteriya a m'botololo, a mibadwo yosiyanasiyana, n'kuwayambitsanso ulendo. Luso lodya citrate linabweranso kangapo, koma kuchokera kwa a m'badwo wa 20,000 kupita m'tsogolo. Akale kwambiri sanafikepo. Ndiye kuti panali kusintha kwina komwe kunachitika mwakachetechete zaka zingapo m'mbuyo, osaoneka ndi maso, komwe kunatsegula njira. Mabotolo onse 12 anali ndi chakudya chimodzi, kutentha kumodzi ndi kholo limodzi, koma mbiri ya zosintha za m'botolo lililonse inali yakeyake.