Nkhosa zimene Sauli anasiya

Abale ndi alongo a m'kalasi la Baibulo, 1 Samueli 15 yanditsegukira tsopano, ndipo mtima wakhala m'malo. Nkhaniyo mukuidziwa: Mulungu, kudzera mwa mneneri Samueli, analamula mfumu Sauli kuti aononge Aamaleki ndi zonse anali nazo, koma iye sanamvere kwathunthu, Mulungu n'kumukana kuti asakhalenso mfumu. Ndime 22, yakuti kumvera kumaposa nsembe, tinailoweza tili ana. Koma mfundo yagona pa ndime 9. Sauli ndi anthu ake anaononga zonyozeka ndi zopanda pake zonse, n'kusiya Agagi mfumu ya Aamaleki, nkhosa zabwino ndi ng'ombe zonenepa. Sanaiwale lamulo, sanatope ntchito ili pakati. Anachita kusankha. Pomwe panalibe choluza anamvera, pomwe panali phindu dzanja linaima. Ndipo wosankha mbali ya lamulo yoti atsate wadziika kale pamwamba pa amene analamula. N'chifukwa chake ndime 23 ikuyika mtima wotere pamodzi ndi kuombeza ndi kupembedza mafano.

Njira yoonera zimenezi ndi iyi, ndipo ine ndimaona kuti palibe ina yoiposa. Tengani kope, mutsitse mizere iwiri kuti pakhale zigawo zitatu. Choyamba: zimene Mulungu analamula, ndi ndime yake. Chachiwiri: zimene munthuyo anachita. Chachitatu: zimene ananena atafunsidwa. Chigawo choyamba muzikopera Baibulo lili chitsegulire, chifukwa mukalemba za m'mutu lamulo limafewa lokha, kusiyana konse n'kubisika.

Chigawo chachitatu cha Sauli chimadzaza msanga. Pa ndime 13 akuti wachita lamulo la Yehova, nkhosa zikulira kumbuyo kwake. Pa 15 akuti ndi anthu anazisiya, ndipo n'zansembe kwa "Mulungu wanu". Pa 24 akuvomera kuti anaopa anthu. Pa 30 akupempha Samueli kuti am'lemekeze pamaso pa akulu. Onjezani ndime 12, pomwe anadziimikira chipilala ku Karimeli, ndiye mufunse kuti ulemu m'mutu wonsewu ukupita kwa yani.

Yesani pa Numeri 20. Mose anauzidwa kuti alankhule ndi thanthwe, iye analimenya kawiri. Madzi anatulukabe, anthu ndi ziweto anamwa, koma pa ndime 12 Mulungu akuti Mose sanam'lemekeze monga woyera pamaso pa Aisraeli. Choncho kuyenda bwino kwa zinthu si umboni wakuti tamvera. Likasa la chipangano nalo, Numeri 7:9 akuti zopatulika zinkanyamulidwa pamapewa, koma pa 2 Samueli 6 laikidwa pa galeta latsopano, Uza n'kufa ataligwira.

Pa moyo wathu funso n'lomwelo: chatsala m'khola n'chiyani? Wamalonda kumsika wa Zigwagwa ku Mzuzu amene wasiya mowa, chakhumi sadumphitsa, koma ndowa yoyezera chimanga anaiphwanya pansi kuti ichepe, wasiya nkhosa yonenepa. Miyambo 11:1 ikuti muyeso wonyenga unyansa Yehova. Mateyu 5:23-24 akuti usiye mtulo paguwa ukayambe wayanjana ndi m'bale wako.

Chimene chimandiwawa n'chakuti aphunzitsi ena akangofika pa mutu uwu amathamangira ku chakhumi, ngati kuti Sauli anadzudzulidwa chifukwa chosapereka, pomwe iye kupereka ndiye kunali chobisalira chake. Nthawinso imachepa. Tikamafika pa ndime 9 kunja kwada, kamvula kayamba, a ku Luwinga ndi ku Chibavi akusuzumira pawindo kuganiza za minibasi.

Pali ziwiri zimene zigawo zanga zitatu sizinakwanitse. Lamulo la pa ndime 3 likutchula ana ndi makanda omwe, ndipo polikopera dzanja limalemera. China, Davide pa 2 Samueli 12:13 ananena kuti wachimwa monga ananenera Sauli, koma iye anakhululukidwa ufumu osam'chokera. Mwina kusiyana kuli pa ndime 30 paja, poti Sauli ankasamalabe za maso a anthu. Kaya n'kokwanira kufotokoza zonse, ine sindinakhutire.